Kunyamula vinyo wanu popita kulesitilanti ku Joni: pomwe zimapindulitsa ndi pomwe n'kudzivutitsa chabe

Gulu la Amalawi kuno ku Joni likamakonza zokadyera limodzi, mkangano sukhala pa nyama kapena nsomba. Umakhala pa zakumwa. Chakudya aliyense amaona mtengo pa menyu n'kusankha molingana ndi thumba lake, koma vinyo amangoitanitsidwa, botolo likatha kubwere lina, mpaka bilu ikafika anthu n'kuyamba kuyang'anana. Ndiye ulendo wotsatira pamapezeka wina wonena kuti, "Tingogula mabotolo athu ku Tops tikamwere konko, lamulo limalola." Wina n'kuyankha kuti zimenezo n'zoletsedwa, mutseketsa malo a eni. Onse awiri amalankhula motsimikiza, koma palibe amene walasa.

Nkhani ya mowa ku South Africa kuno ili pawiri. Boma lalikulu, kudzera mu Liquor Act ya 2003, limayang'anira opanga mowa ndi oupikulitsa. Ziphaso za ogulitsa kwa ife akumwa zili m'manja mwa chigawo chilichonse pachokha. Ife a ku Johannesburg tili pansi pa Gauteng Liquor Act, nayonso ya 2003, ndipo ziphaso zimachokera ku Gauteng Liquor Board. Western Cape ili ndi lamulo lake la 2008, KwaZulu-Natal lake la 2010. Choncho alamu anu a ku Cape Town akamakuuzani kuti "kuno timachita chonchi", akunena za kwawoko.

Ziphasozo zili m'magulu awiri. Pali cha ogulitsa mowa woti mukamwere kwanu, monga Tops, Checkers LiquorShop kapena Makro, kuphatikizapo masitolo a zakudya amene amaloledwa kugulitsa vinyo yekha. N'chifukwa chake mu Pick n Pay mumapeza vinyo pafupi ndi tchizi, koma Castle ndi burande zili kusitolo ina pambali. Ndiye pali chiphaso cha omwera pomwepo: malesitilanti, mabala, mahotela. Lamulo limalondola wogulitsa. Limanena amene angagulitse, nthawi yake, ndi kuti wosakwana zaka 18 asagulitsidwe. Silipatsa kasitomala ufulu wolowa ndi botolo lake, ndiponso siliika mtengo umene mwini malo angalipiritse akakulolani. Zimenezo ndi za mwini malo yekha. Akakana wakana, palibe ofesi yokamusumirako.

Madera ena a kunja anachita kuzilemba m'lamulo. Ku New Jersey ku America lesitilanti yopanda chiphaso ikhoza kukulolani kubwera ndi vinyo wanu koma siloledwa kukulipiritsani, ndipo ku Ontario ku Canada zinayamba kuloledwa mu 2005 m'malesitilanti a chiphaso. Mukawerenga zoterezi pa intaneti musazinyamule kupita nazo ku Rosebank.

Pamene lamulo la kuno limakuimirani ndi pa mtengo. Consumer Protection Act ya 2008, imene inayamba kugwira ntchito mu 2011, silola kuti mulipiritsidwe kuposa mtengo umene waonetsedwa. Menyu ikalemba kuti corkage, ndalama yolipira mukabwera ndi botolo lanu, ndi R80, bilu isabwere ndi R120. VAT ya 15% imakhala ili kale m'kati.

Kungoitanitsa pa menyu

Iyi ndi njira yodula, palibe angatsutse. Botolo limene kusitolo mumaligula R90, pa menyu mulipeza pa R220 kapena R260. Kuwirikiza kawiri kapena katatu ndiye chizolowezi. Ine sindikutcha kuba. Pa mbale ya nyama lesitilanti imapindula pang'ono mukachotsa lendi, magetsi, dizilo wa jenereta ndi malipiro a antchito, ndipo phindu lenileni lili m'tambula. Amene tinali kuno mu 2020, nthawi ya COVID-19, tinazionera tokha. Boma linaletsa kugulitsa mowa kuyambira pa 27 Malichi, n'kudzaletsanso mu Julaye ndi kumapeto kwa Disembala. Malesitilanti ataloledwa kutsegula koma opanda mowa, ambiri sanapirire, ndipo abale athu a m'makhitchini ndi operekera zakudya anakhala pakhomo miyezi.

Ubwino wake ndi woti simunyamula kanthu, vinyo amabwera wozizira kale, ndipo akakhala woonongeka, wonunkha ngati katoni yonyowa, mumabweza n'kukupatsani wina. Botolo lochokera kwanu likapezeka loonongeka, zanu zimenezo.

Ngati muli awiri ndipo mmodzi akuyendetsa galimoto, musaganizenso zambiri, itanitsani pa tambula. Ingofunsani kukula kwa tambulayo. Botolo ndi 750 ml. Malo ena amathira 250 ml, kutanthauza kuti matambula atatu ndi botolo lathunthu, ena amathira 150 ml kapena 175 ml pa mtengo wooneka wotsika. Mukaona kuti mufika matambula atatu aakuluwo, botolo limakhala lotchipirapo.

Kubwera ndi lanu n'kulipira corkage

Corkage ili ngati kuchigayo: chimanga ndi chanu, koma wachigayo mumamulipirabe. Akupatsani matambula, ndowa ya ayisi, munthu wotsegula ndi kuthira, pambuyo pake atsuke, tambula ikasweka agule ina. Pamwamba pa zonsezo ataya botolo limene akanakugulitsani. M'malesitilanti wamba a ku Parkhurst, Melville, Greenside kapena m'ma mall, ndalamayi nthawi zambiri imakhala pakati pa R50 ndi R150 pa botolo. Malo apamwamba a ku Sandton amapitirira pamenepo, ndipo ena salola n'komwe.

Apa m'pofunika masamu, chifukwa m'pamene ambiri timadzinamiza. Tiyerekeze kuti corkage ndi R100. Mwagula botolo la R90, ndiye kuti lakudyerani R190. Pa menyu vinyo wofanana naye ali pa R230. Mwapulumutsa R40, mutayenda ulendo wa kusitolo, mutalinyamula m'chikwama, mwinanso lafika lofunda. Tsopano tengani botolo labwino la R350, limene pa menyu lingakhale R800 kapena kuposa. Ndi corkage lakwana R450. Pamenepo ndiye mwachita kanthu. Corkage sisintha kaya botolo ndi lotchipa kapena lodula, pamene mtengo wa pa menyu umakwera limodzi ndi botololo. Choncho njirayi imakomera munthu wonyamula vinyo wabwino, ndipo imamupusitsa wonyamula wotchipa.

Ambiri mwa ife, makamaka amayi, timakonda vinyo wotsekemera, wa Four Cousins, 4th Street kapena Robertson wofiira uja. Palibe chochititsa manyazi, munthu amamwa chimene chamukomera. Koma kulipira R100 kuti akutsegulireni botolo limene mtengo wake sufika n'komwe pa R100 n'kuseweretsa ndalama. Wa m'bokosi wa malita atatu kapena asanu musayese n'komwe, sakulolani. Ngati mwaganiza zonyamula, nyamulani chimene chingachititse tebulo kufunsa kuti mwagula kuti. Pinotage ndi wa konkuno weniweni: mphesa yake anaipanga Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pophatikiza Pinot noir ndi Cinsaut, ndipo amayenda bwino ndi nyama yootcha. Kanonkop Kadette ndi poyambira pabwino. Pa nsomba ndi nkhuku tengani Chenin blanc, mphesa yolimidwa kwambiri m'dziko muno, imene imapereka vinyo wabwino pa mtengo wosaboola thumba. Pa chikondwerero, Cap Classique, vinyo wa thovu wa konkuno, ngati wa Graham Beck kapena Simonsig, ngakhale kuti vinyo wa thovu malo ambiri amamuikira corkage yokwererapo.

Kupatula mtengo, malo aliwonse ali ndi timalamulo take, ndipo sitilembedwa tonse pa menyu. Ena amati botolo limodzi pa anthu awiri, ena mabotolo awiri pa tebulo lonse kaya mulipo khumi. Botolo lalikulu la 1.5 lita amaliwerenga ngati awiri. Ambiri salola vinyo amene ali kale pa menyu yawo, ndipo apa ndimawamvetsa: kulowa ndi botolo lomwelo limene iwo akugulitsa n'kuwauza pamaso kuti mwabwera kudzawazemba. Pa masiku ngati Valentine kapena madzulo a pa 31 Disembala, malo amene masiku onse amalola akhoza kukana. Safunsa anadya phula. Imbani foni pobukitsa tebulo, funsani ngati amalola, ndi zingati pa botolo, mabotolo angati, ndipo funsani dzina la amene wakuyankhaniyo. Manijala wa masana ndi wa usiku nthawi zina sanena zofanana.

Mukafika, botolo lisatulukire pansi pa tebulo. Lipatseni weta pakhomo pomwe, loyera alowetse m'ndowa ya ayisi. Ndinaonapo tebulo lina la anthu akwathu, bambo wina atavundukula jumbo ya pulasitiki pakati pa mbale n'kuyamba kupotokola yekha chitsekero. Weta wake anali mnyamata wa ku Mzimba, ndipo atamva Chichewa anawerama n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, tabwezani kaye m'jumbomo ndikalankhule ndi bwana, akaona pa kamera andidula ine." Bambowo anaseka n'kumati, "Iwe mphwanga, si ndife amodzi?" Anali amodzidi, koma woitanidwa kuofesi akanakhala mnyamatayo.

Corkage ndi ya vinyo basi. Izi ndikunenera a Malawi Gin. Munthu akafika pa basi kuchokera ku Blantyre kapena Lilongwe ndi botolo lake, ndipo malamulo a SARS, bungwe la misonkho la kuno, amalola wamkulu aliyense kulowa ndi lita imodzi ya mowa waukali ndi malita awiri a vinyo osalipira msonkho, mtima umafuna kukaligawana ndi anzake pamalo abwino. Lesitilanti yololeza jini, burande, kapena mowa wa m'zitini wochokera kunja n'njosowa. Ameneyo mukamwere kunyumba ndi tonic wanu. Vinyo wa zipatso wa Linga wa ku Lilongwe ndiye mukhoza kumupempherera, poti ndi vinyo ndipo pa menyu iliyonse ya kuno simungamupeze.

Pali munthu mmodzi amene masamu onsewa amamuiwala, ndiye weta. Tipu kuno imawerengedwa pa bilu, 10% ndiyo yachizolowezi, ena amafika 15%. Anthu asanu ndi atatu akabwera ndi mabotolo anayi awo, bilu ikhoza kutsika ndi R1 000, ndipo tipu imatsikira limodzi. Chonsecho weta wagwira ntchito yomweyo: wanyamula matambula, watsegula, wathira, wasintha ayisi. Corkage imalowa m'thumba la mwini malo. Malipiro otsikitsitsa amene boma linaika kuyambira Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo lamulo limati tipu isawerengedwe m'malipiro amenewo, koma aliyense amene ali ndi m'bale wogwira ntchitoyi amadziwa kuti lendi ya chipinda ndi ndalama yotumiza kumudzi pa Mukuru zimachokera ku tipu. Ambiri mwa operekera zakudya m'tauni muno ndi Amalawi ndi a ku Zimbabwe. Ngati pa botolo mwapulumutsa R350, kuwonjezera R40 kapena R50 pa tipu sikukusaukitsani. Yang'ananinso pansi pa bilu: pa matebulo a anthu ambiri, kuyambira asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, malo ambiri amaikiratu 10% okha, musalipire kawiri mosadziwa.

Malo osalipiritsa corkage

Alipo, ndipo ngati gulu lanu ndi lakumwa vinyo, iyi ndiye njira yopambana zonse. The Hussar Grill, imene inayamba ku Rondebosch mu 1964 ndipo ili ndi nthambi kuno ku Gauteng, yakhala ikudziwika zaka zambiri kuti silipiritsa corkage. Malo ena amakhululukira botolo loyamba, ena amatero mukagulanso limodzi la pa menyu yawo, ena Lolemba kapena Lachiwiri pamene makasitomala ndi ochepa. Muimbebe foni, poti zoterezi zimasintha. Ndipo yang'anani mtengo wa nyamayo: malo osalipiritsa corkage nthawi zambiri si malo a chakudya chotchipa.

Timalo topanda chiphaso, ndi malo a halaal

Apa m'pamene anthu amaganiza kuti m'posavuta, chonsecho m'pofunika kusamala kwambiri. Ku Yeoville, Rosettenville, Turffontein ndi m'tauni muli timalo todyera tambiri, tina ta Amalawi anzathu, komwe mumapeza nsima yeniyeni ndi usipa kapena nkhuku yachikuda. Tambiri tilibe chiphaso cha mowa. Kuchipeza si masewera: pali ndalama zofunsira, kulengeza kuti oyandikana nawo atsutse ngati akufuna, kukonzanso chaka ndi chaka, ndipo Board imayang'ananso ngati malowo ali m'kati mwa mamita 500 kuchokera pa tchalitchi, mzikiti kapena sukulu. Ku Yeoville ndi msewu uti umene mulibe tchalitchi?

Malo opanda chiphaso saloledwa kugulitsa mowa mwa njira iliyonse. Mwini wake akalandira ndalama yokhudza botolo lanu, kaya aitche dzina lanji, wadziika poti wapolisi akhoza kumunena kuti akugulitsa. Ngakhale asalandire kanthu, apolisi akalowa n'kupeza mabotolo pa matebulo, wofotokoza ndi iyeyo, inu mutanyamuka kale. Kwa mlendo amene akuyendetsa bizinesi yake movutikira kale ndi mapepala, chimenecho si chinthu chaching'ono. Mayi wa malowo akakuuzani kuti, "Pepani achimwene, muno ayi," musawakakamize ndi zoti ndinu kasitomala wakale. Guliranitu nsimayo mukadyere kunyumba ndi botolo lanu.

Ku Fordsburg, Mayfair ndi Lenasia nkhani yake ndi ina. Kumeneko kuli biriyani ndi nyama yootcha yokoma pa mtengo wabwino, n'chifukwa chake magulu ambiri amakonda kukadyera ku Mint Road. Koma malo a halaal salola mowa kulowa, ndipo mabungwe opereka satifiketi ngati SANHA sagwirizana ndi mowa pamalo amene awavomereza. Kufunsa za corkage kumeneko n'kudzichotsa ulemu. Ngati pagulu panu pali abale athu Achisilamu a ku Mangochi kapena Machinga, kapena a mpingo osamwa, malo oterewa amathetsa mkangano usanayambe. Ndipo kulikonse kumene mwapita, bilu ya mowa muzigawana akumwa okhaokha. Si bwino kuti mayi amene wamwa Appletiser imodzi asonkhe nawo ya mabotolo anayi.

Ku shisanyama ndi m'matavern musavutike n'kufunsa. Kumeneko nyama ndi nyambo chabe, ndalama ili pa mowa. Malo ena a panja amalola cooler box pa mtengo wake wolipira pageti, koma amenewo ndi a mtundu wina, ndipo amalengeza okha.

Holo, kunyumba, kupaki

Anthu akapitirira makumi awiri, monga pa chinkhoswe, pa ukwati kapena pa phwando lotsekera chaka la gulu la chipereganyu, corkage ya pa botolo imasanduka phiri. Mabotolo 15 pa R100 ndi R1 500 musanagule vinyo weniweniyo. Apa kambiranani ndi manijala mtengo umodzi wa gulu lonse, poti tebulo lalikulu amalifuna, kapena chitani hayala holo, kapena chitirani pakhomo pa mmodzi wa inu. Vinyo mugule wa m'makatoni a mabotolo asanu ndi limodzi ku Makro kapena Ultra Liquors.

Kupatsa alendo anu mowa waulere pa phwando lanu sikufuna chiphaso. Koma mukangoika tebulo logulitsira pakona, kapena tikiti yolowera imene mowa uli m'kati mwake, mwayamba kugulitsa, ndipo pamafunika chilolezo cha kanthawi chochokera ku Board, chofunsiratu nthawi ikadalipo. Magulu athu osonkhetsa ndalama za maliro kapena za mpira amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri. Holo zina, makamaka za mipingo ndi sukulu, salola mowa ngakhale waulere, ndipo zina zili ndi bala yawoyawo imene amafuna mugulepo.

Zokakhala pa kapinga ku Zoo Lake kapena Emmarentia ndi botolo zimaoneka zotchipa kuposa zonse, koma malamulo a mzinda salola mowa m'mapaki a khonsolo popanda chilolezo, ndipo kumwa pamsewu kapena m'galimoto yoima pamalo a anthu onse ndi mlandu. Mukaona ena akuchita, ndiye kuti a JMPD, apolisi a mzinda, sanadutsebe.

Ine kusankha kwanga kumayenda motere. Awiri, pa tambula. Anayi mpaka khumi, malo osalipiritsa corkage ngati alipo pafupi, apo ayi mabotolo awiri abwino ochokera kunyumba ndi limodzi la pa menyu, kuti mwini malo asaone ngati tabwera kudzabwereka mipando. Kupitirira pamenepo, pakhomo. Ngati chakudyacho ndi cha Lamulungu, gulani vinyo Loweruka, chifukwa Lamulungu masitolo a mowa kuno ku Gauteng amatseka masana dzuwa likadali pamwamba.

Kunyamula botolo lanu kuli ndi kachinyengo kena: poti lakhala lotchipa, anthu amamwa kuposa mmene akanamwera, ndipo safuna kusiya lotsala. Lotsala la botolo lanu ndi lanu, tsekani bwino muike kubuti, osati pa mpando. Logula pa menyu ndi nkhani ina, chifukwa chiphaso cha lesitilanti ndi cha mowa womwera pomwepo, choncho akakana kuti mutuluke nalo musakwiye.

Woyendetsa ndiye asalowe nawo m'masamu a mabotolowa. National Road Traffic Act ya 1996 imati mowa m'magazi usafike 0.05 g pa 100 ml, ndipo kwa oyendetsa ngati ntchito, monga a mathiraki ndi onyamula anthu, usafike 0.02 g. Tambula imodzi yaikulu ya 250 ml ikhoza kumufikitsa pamenepo munthu wa thupi laling'ono. Khoti likakupezani wolakwa koyamba, lamulo limanena zoimitsa laisensi kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, ndipo dzina lanu limalowa m'kaundula wa opalamula. Kwa ife okonzetsa mapepala ku Home Affairs, kumene ma visa ambiri amafuna kalata ya kupolisi, chimenecho n'cholemera kuposa faindi. Gautrain imaweruka msanga, chakudya chamadzulo chisanathe, choncho ndalama ya Uber kapena Bolt muiikiretu pambali pomwe mukusonkha ya vinyo.